Asilikali Atopa

Mowa sindinaulawepo chibadwire changa. Ndayamba ndi zimenezi chifukwa kuno ku Mzuzu munthu ukangotchula chiwindi, anthu amayang'anizana n'kumwetulira, ati wadziwika. Ine ndine Mbaraka, mwini kagolosale kobiriwira kali pafupi ndi poima masakaramento ku Mchengautuwa, njinga zonyamula anthu zija. Kwathu ndi ku Namwera, ku Mangochi, koma kuno ndinabwera ndilibe ndevu, lero ndevuzo zachita mbuu. Makasitomala amanditcha a Shehe, chonsecho sindinatsogolerepo mapemphero ndi tsiku limodzi lomwe. Ndimangovomera, bola agule sopo.

Matenda anayamba ngati nthabwala. Ndinkamva kupweteka pansi pa nthiti za kumanja, ine n'kumati ndi matumba a shuga ndimanyamula aja. Kenako chakudya chinayamba kundikana, thalauza n'kumatsika lokha. Mkazi wanga Zuhula ndiye anandikokera kuchipatala, ine ndikukana ngati mbuzi yopita kumsika. Anandiunika m'mimba, ananditenga magazi, anatitumiza uku ndi uku, mpaka tinakathera m'kachipinda ka dokotala wina wamkazi pa chipatala cholipira cha m'tauni. Dzina lake Wezi, wa ku Rumphi, wamng'ono woti akanakhala mwana wanga. Mtima wake ndi wabwino, pamenepo ndisamunamizire. Koma Chichewa chake chimayenda chotsimphina, apa Chitumbuka, apo Chingerezi.

"Monire adada, monire amama," anatero, n'kutikhazika pansi. Sanazungulire. "Adada, nkhani si yabwino. Muli ndi khansa ya chiwindi, ndipo yakula. Opaleshoni siingatheke."

Zuhula anagwira dzanja langa. Pamaso pa anthu anali asanachitepo zimenezo chikwatirane chathu.

Ndinafunsa kuti khansayo yachokera kuti, munthu wosamwa ine.

"Tapeza kachilombo m'magazi mwanu," anayankha dokotala. "Hepatitis B. Kamakhala m'chiwindi zaka zambiri chomene osadziwika. Asilikali a m'thupi mwanu akhala akulimbana nako mpaka afooka, ndiye khansa yapeza mpata. Tikupatsani mapiritsi a kachilomboko, limodzi tsiku lililonse, osadumphitsa. Amama nawonso akayezetse magazi."

Dzanja la Zuhula linachoka pa langa pang'onopang'ono.

Ine sindinazindikire msanga, mutu wanga unali pa khansa. Ndinkamvetsera za mankhwala atsopano a m'diripi amene dokotala ankafotokoza. Ankati mankhwalawo sapha khansa okha ayi, amadzutsa asilikali a munthu mwini wake kuti aione khansayo n'kuimenya. Kuno sapezeka wamba. Mng'ono wanga Wahid, amene ali ndi mashopu ku Durban, nditamuimbira anangoti, "Achimwene, zimenezo ndisiyireni ine." Ndipo anachitadi, Mulungu amuonjezere.

Koma taganizirani inu mawu amene mkazi wanga anatola m'chipinda muja. Kachilombo. Asilikali afooka. Osadumphitsa. Mukayezetse. M'dziko muno mawu amenewa ali ndi mwini wake, ngakhale mwana wa kupulaimale angakuuzeni matenda ake. Dzina lachingerezi lija linangomudutsa ngati mphepo. Ndipo Zuhula si munthu womvera nkhanizi pa wailesi. Mng'ono wake Asiyatu anafera m'manja mwake kalekale, atamupatsira mwamuna wake woyendetsa malole. Zuhula ndiye ankamusambitsa, ndiye ankamuperekeza kukamva kuti asilikali atsikanso. Mankhwala anafika mochedwa, Asiyatu anamwa botolo limodzi lokha osalimaliza.

Ndiye satana anamaliza ntchito yake pa zenera lolandirira mankhwala. Mapiritsi a kachilombo ka chiwindi ndi ena mwa omwe aja amamwa anthu a HIV. Anatilozera zenera lomwelo, mzere womwewo. Botolo lake loyera, lolira tcheketcheke m'thumba, loti ngakhale uli pa sakaramento wopalasa amadziwa chimene wanyamula.

Titafika kunyumba Zuhula sanavule ngakhale nsapato. Anatulutsa botolo lija m'chikwama, n'kuliika patebulo.

"Bambo a Sumayya, botolo ili ndikulidziwa."

"Ndi la chiwindi. Simunamve dokotala?"

"Ndamva zonse." Mawu ake anali otsika. "Ku Kyela kuja munkapita kukapikula zitenje ndi mpunga, munkapikula zokhazo?"

Ine ndili ndi mtima wapachala, anthu onse a pamsika amadziwa. M'malo momukhazika pansi n'kumufotokozera bwinobwino, ndinamenya tebulo. Ndinati zaka zonsezi ndakhala ndi munthu wa makutu ongokongoletsa mutu. Ndinati ndikufa ine, inu mukuwerenga zitenje. Mtima utatsika ndinati tiyeni mawa tikayezetse limodzi HIV yanuyo, muone ndi maso anu.

"Kuti ndikamve chiyani? Kuti nanenso mwandipha?"

"Ndiye tiyeni kwa dokotala akufotokozereni."

"Dokotala amasunga chinsinsi cha wodwala wake. Anachitanso chimodzimodzi a mwamuna wa Asiyatu, ankati ndi chifuwa chabe."

Ndikunenetsa pano, ndipo Mulungu akundimva: mkazi wina kupatula Zuhula sindimudziwa. Ku Kyela, ku Tanzania kuja, ndinkagona pa matumba a mpunga kuopa akuba. Dokotala anandiuza pambuyo pake kuti kachilomboka ambiri amakatenga ali makanda, kwa amayi awo pobadwa, kapena pa lumo limodzi lometa ana ambiri. Mwina ndinabwera nako ku Mzuzu ndisanadziwe n'komwe kuti kunja kuno kuli Zuhula. Koma lumo la zaka makumi angapo zapitazo ungalipeze kuti kuti likuchitire umboni?

Zuhula anakhala masiku angapo akundiphikira, akundichapira, osandiyang'ana m'maso. Ankagona pamkeka pabalaza. Tsiku lina m'mawa ndinamupeza atamanga chikwama.

"Ndikukaona amayi ku Namwera."

"Mubwera liti?"

"Ndikaona."

Sindinamugwire, kunyada kunandigwira ine. Ndinaima pakhomo ndikuona nsana wake ukulowa m'nkhungu ya m'mawa. Mwana wathu Sumayya ali pabanja ku Lilongwe, anangomva kuti bambo akudwala chiwindi, amayi apita kumudzi, ndipo anaphatikiza yekha mmene anaphatikizira ena onse. Ankaimba foni, koma mwaulemu wozizira ngati akulankhula ndi apongozi.

Kunena zoona imfa sindinkaiopa kwambiri. Tonse ndi a Mulungu, kwa Iye tidzabwerera. Chimene chinkandidya ndi chakuti ndife mkazi wanga akunditenga ngati wachigololo, adzandilire ndi diso limodzi, linalo likunditukwana.

Diripi ndinayamba ndekha. Pakapita masabata angapo ndinkatseka golosale, kukwera sakaramento mpaka m'tauni, kukakhala pampando wautali uja, singano padzanja. Odwala ena onse anali ndi owadikirira. Uyu mkazi wake akumusendera nthochi, uyo mwana wake akumufunditsa chitenje kumapazi. Tsiku loyamba nesi anandifunsa, "Adada, gadiyani wanu ali kuti?" Ndinati ali m'njira. Ulendo wachiwiri ndinati wadwala. Wachitatu sanafunsenso, anangondibweretsera bulangete.

Mzuzu ukakhala wekha imazizira kawiri. Kamvula kake kopanda ulemu kaja kamayamba m'mawa osadziwa kuti kaleka liti. Ndinkabwera kuchokera ku diripi, kutsegula chitseko, m'nyumba muli zii, mbaula yozima, kapu yomwe ndinamwera m'mawa ili pomwe ndinaisiya. Ndinaphunzira kuphika phala ndili ndi imvi. Loyamba linali la mibulu yoti ungagendere galu. Ndinadya lomwelo, ndani akanandiseka?

Woyandikana naye nyumba ndi Ackim, Mtonga wa ku Nkhata Bay, kalaliki wopuma ntchito, munthu wovala tayi ngakhale popita kukagula machesi. Iyeyo ankabwera ndithu. Tsiku lina anandibweretsera usipa wofutsa wochokera kwawo, anakhala pa benchi la pagolosale, n'kutsitsa mawu ngati tikugulitsana chamba.

"Ada, masiku ano si nkhani iyi. Anthu akukhala nako zaka ndi zaka. Msuweni wanga ku Ching'ambo wanenepa kuposa ine. Chachikulu kumwa mokhulupirika."

"A Ackim, ine ndili ndi khansa."

"Eya, eya, khansa," anatero akugwedeza mutu mwachifundo. "Tizitero kumene."

Ndinafuna kumuponyera usipa wakewo kumaso, koma ndinali ndi njala. Kumzikiti nakonso Lachisanu anthu ankandipatsa moni wautali kwambiri, wondigwira dzanja ndi manja awiri, maso ali pansi. Palibe anandinyoza. Onse anandikhululukira tchimo limene sindinachite, ndipo chimenecho chimawawa kuposa kutukwanidwa.

Miyezi yoyamba mankhwala anagwira. Ululu unachepa, chakudya chinayamba kulowa, masaya anabwerera. Atandiunikanso, dokotala Wezi anaomba m'manja ngati kamtsikana. "Chatsika, adada. Chotupa chachepa. Asilikali anu adzuka." Ndinatuluka m'menemo ndikumva ngati ndingathamange mpaka ku Mchengautuwa. Pakhomo pa chipatala pomwepo ndinaimbira Zuhula.

"Mayi a Sumayya, ndikuchira. Ndayamba kunenepa."

Kumbuyo kwake ndinkamva nkhuku ndi ana.

"Alhamdulillah," anatero. "Amatero amene aja, munthu akamamwa bwino amanenepa. Musadumphitse."

Ndinaona kuti ngakhale kuchira kwanga kukundichitira umboni wonama. Ndikaonda, ndi matenda aja. Ndikanenepa, ndi mankhwala aja. Ndinaika foni m'thumba n'kukwera sakaramento.

Chisangalalo sichinakhalitse. Itayamba nyengo yotentha ululu unabwerera, tsopano wolusa. Maso anayamba chikasu, mimba n'kumakula pamene miyendo ikuonda, mapazi akutupa osalowa m'nsapato. Anandiunikanso. Nditalowa m'kachipinda kaja ndinaona nkhope ya dokotala, ndinadziwiratu.

"Phepani chomene, adada. Mankhwala asiya kugwira. Chotupa chakula, ndipo pabuka tina ting'onoting'ono."

"Mankhwala omwewo amene anagwira poyamba? Wahid watumiza achabechabe?"

"Ayi, mankhwala ndi omwewo. Khansa ndiyo yasintha."

Ndinamuuza kuti andifotokozere ngati munthu wa golosale, osati ngati mnzake wa kusukulu. Anakoka mpando n'kukhala pafupi nane. Anati chiwindi ndi malo odutsa chilichonse chimene munthu wadya, choncho asilikali a m'menemo analengedwa ofatsa, kuti asamamenye mlendo aliyense. Anati anga akhala akulimbana ndi kachilombo kaja kuyambira ndili mwana, moti khansa inawapeza ali otopa kale. Diripi inawadzutsa, anamenyadi nkhondo kwa kanthawi. Koma khansa nayo siigona. Yadzizunguliza ndi maselo ena a m'thupi langa lomwe, amene ntchito yawo ndi kuletsa ndewu, ndipo amenewo akuuza asilikali kuti khalani pansi, palibe mdani pano. Ena sakuloledwa n'kufika pafupi ndi chotupa. Amene afika sakuchizindikiranso, chasintha nkhope.

"Ndiye kuti wakuba wapalana ubwenzi ndi mlonda," ndinatero. "Akumwa tiyi limodzi pakhonde, katundu akutuluka kuseri."

Anaseka pang'ono, maso ali ndi misozi. "Ndi choncho, adada."

"Ndiye tiwadzutsenso."

"Tingawadzutse bwanji anthu oti atheratu mphamvu? Ngakhale kunja madokotala akufufuzabe chifukwa chake ena mankhwalawa amawagwira nthawi yaitali, ena pang'ono, ena ayi. Chiwindi chanunso chafooka, sichingapirire ena amphamvu. Diripi tiimitsa. Tikupatsani oletsa ululu, ndipo mapiritsi a kachilombo aja musasiye."

Ndinayang'ana kalendala ya pakhoma, ya kampani ina ya mankhwala, yojambulidwa mzungu akuseka. Sindinafunse kuti kwatsala nthawi yaitali bwanji. Wogulitsa amadziwa yekha katundu akatsala pang'ono pa shelefu.

"Amama anayezetsa?" anafunsa dokotala. Ankafunsa ulendo uliwonse, ine n'kumazemba.

Tsiku limenelo sindinazembe. "Adokotala, mawu anu aja anandithetsera banja."

Ndinamufotokozera zonse, za botolo, za Asiyatu, za Kyela. Anagwira pakamwa.

"Adada, ine ndinatchula dzina la kachilomboko."

"Munatchula m'Chingerezi. Zoopsa zonse munazinena m'Chichewa."

Dokotala anaweramitsa mutu. Kenako anati mawu amenewo ndi omwe anawaphunzitsa pofotokozera odwala, ena sawadziwa, ngakhale m'Chitumbuka amangoti asilikali omwewo. Sindinamukalipire. Ndikanamukalipira chiyani mwana wa eni ake, mawuwo anawapeza alipo kale.

"Koma amama ayenera kuyezetsa," anapitiriza. "Mwakhala limodzi zaka zambiri. Kachilomboka sikapweteka, sikaonetsa chizindikiro, munthu amangodzazindikira zitafika ngati zanuzi. Tikakapeza msanga timakagoneka ndi mapiritsi, chiwindi chimapulumuka. Ngati alibe, pali katemera. Ndipatseni nambala yawo."

Anaimba ine ndili pomwepo. Analankhula bwino, pang'onopang'ono, Chichewa chake chotsimphinacho anachikoka mpaka chinafika. Ndinkamva Zuhula akuyankha, "Inde adokotala. Zikomo adokotala. Ndamva adokotala." Ndisanafike n'kunyumba komwe foni yanga inalira.

"Mwafika potuma dokotala kuti akunamireni? Bambo a Sumayya, muopeni Mulungu. Nthawi yanu yolapa ndi ino."

Anadula. Ndinaima pamsewu pafupi ndi msika wa Taifa, anthu akundigunda mapewa, ndikuyang'ana foni ngati ilankhulanso.

Golosale ndinatseka. Ndinalibenso mphamvu zotsitsa ndi kukweza chitseko chachitsulo chija. Masiku ankangofanana. Ndinkagona chammbali chifukwa cha mimba, kumvetsera masakaramento akuliza mabelu kumsewu, ana akupita kusukulu, ana akubwera kusukulu. Mapemphero anga a swala ndinkachita nditakhala pampando. Ackim ankagogoda m'mawa, "Mwauka uli, ada?" n'kusiya kandowa ka madzi pakhomo. Mawu amene ndinkalankhula tsiku lonse anali omuyankha iyeyo basi. Ndinkasowa mkazi wanga, ndinene mosabisa. Ndinkasowa ngakhale kudandaula kwake kuti ndalowa ndi matope m'nyumba.

Anabwera Lachiwiri lina masana, kunja kukuwaza. Ndinamva chitseko, ndinayesa Ackim. Nditatembenuka ndinaona Zuhula ataima pakhomo la kuchipinda, mpango wake utanyowa, chikwama chili m'manja. Anali ataonda nayenso. Anandiyang'ana kuyambira kumaso achikasuwa mpaka kumapazi.

"Salaam aleikum."

"Waaleikum salaam. Mwabwera?"

"A Wahid anandiimbira. Akuti diripi aimitsa."

Anavula mpango wonyowawo, anatsegula mawindo, anasesa, anatulutsa mbale zonse zimene ndinaunjika pansi pa bedi. Ndinamva makala akuthetheka pambaula. Fungo la phala lopanda mibulu linalowa kuchipinda, ine misozi n'kumangotsika yokha, chimunthu chachikulu ndi ndevu zanga. Anandidzutsa, anandiikira pilo kumsana, anandimwetsa ndi supuni. Ndinamaliza mbale yonse, chinthu chimene chinali chisanachitike kwa nthawi yaitali.

Atatsuka mbale anadzakhala pampando pafupi ndi bedi, manja ali pamiyendo.

"Ndinakayezetsa ku Namwera," anatero. "Ndinalimba mtima. Ndilibe."

Ndinadzutsa mutu. "Anakuyezani chiyani?"

"Magazi. Anandibaya pachala, tinadikira pang'ono, anati mulibe HIV. Mulungu wandisunga, sindikudziwa kuti bwanji. Ndiye ndakhala ndikuganiza. Ngati Iye wandichitira chifundo chotere, ine ndine ndani kuti ndiumitse mtima? Bambo a Sumayya, ndakukhululukirani."

Ananena mawu amenewo ngati munthu wotula mtolo wa nkhuni umene wausenza kuchokera kutali. Nkhope yake inamasuka. Ndinaona kuti wayezetsa matenda amene m'nyumba muno sanalowemo, ndipo amene analowadi akhoza kukhala ali phee m'chiwindi chake, iye akuthokoza Mulungu kuti wapulumuka.

"Mayi a Sumayya, kachilombo kamene anakuyezaniko si kamene ndili nako ine. Kanga ndi ka..."

Anaimirira. Nkhope ija inatsekeka nthawi yomweyo.

"Tayambiranso? Ndayenda ulendo wonsewu kudzasamala munthu wolapa. Ngati mukufuna kupita kwa Mulungu ndi bodza m'kamwa, mupite nokha, ine sindikhala nawo. Basi ya ku Lilongwe ikadalipo."

Chikwama chake chinali chikadali pakhomo, chosamasula. Ndinachiyang'ana. Mkwiyo wanga wakale uja unakwera mpaka pakhosi, ndinali ndi mawu okwana kugwetsa denga. Zaka zonsezi ndakhala woongoka ngati mzere wa swala, lero ndipemphe chikhululukiro kwa munthu amene wandisiya ndikuphika mibulu ndekha? Koma ndinadziwanso kuti akatuluka pakhomo apo sadzapondanso kwa dokotala wina aliyense. Anayezetsa kale, alibe, nkhani yatha. Choonadi changa ndinali nditachinena kwa miyezi, sichinamusunthe ngakhale phazi limodzi. Ndipo ine ndinalibenso miyezi ina.

"Khalani pansi," ndinatero.

Sanakhale.

"Ndinalakwa."

Mawuwo anatuluka ngati ndikulavula mwala. Zuhula anatseka maso, n'kukhala pansi pang'onopang'ono.

"Ndinalakwa, mayi a Sumayya. Ndiye ngati mwandikhululukiradi, ndichitireni chinthu chimodzi. Mukudziwa kuti kuyezetsa kamodzi sikukwanira, amati munthu abwerezenso. Mawa mupite kwa dokotala wanga uja, akutengeni magazi a pamkono, ayeze zonse zimene iye akufuna. Chimene akupatseni, kaya ndi mapiritsi kaya ndi jakisoni, mulandire osafunsa. Sumayya nayenso mumuuze achite chimodzimodzi. Ndikufuna ndipite ndikudziwa kuti sindinakusiyireni kanthu."

"Ndipita," anatero. "Mukanayamba ndi mawu amenewa kalekale, bwenzi ndisanachoke n'komwe."

"Mwalonjeza?"

"Wallahi, ndipita mawa m'mawa."

Ndinapuma. Ndinayesa kuti zathera pomwepo. Koma iye anali akupotokola nsonga ya chitenje chake, maso ali pansi.

"Anali wa ku Kyela?"

Ndinayang'ana kudenga. "Eya."

"Mmodzi?"

"Mmodzi."

"Anali wokongola?"

Ndinafunafuna m'mutu mwanga nkhope ya mkazi woti ndimupatse, sindinapeze ina koma yake yomweyo, ali mtsikana, atasenza ndowa pa mjigo wa ku Namwera.

"Sindikumukumbukanso," ndinatero.

Analira pamenepo, kulira kwa pansipansi, mapewa akugwedezeka. Ine sindinamutonthoze, wolakwa satonthoza. Atatha anapukuta m'maso ndi chitenje, anapita kukhitchini, anabwera ndi beseni la madzi ofunda. Anagwada, ananyamula mapazi anga otupawo limodzilimodzi n'kuwaika m'madzi. Chichokereni iye, kupatula ondipatsa moni wa padzanja, munthu amene anandikhudzapo anali nesi yekha pofuna mtsempha.

"Musadandaule," anatero akundisisita chidendene. "Sindidzauza munthu. Pamaliro panu ndidzanena kuti inali khansa."